Phunziro: Udindo wa wotsogolera zokambirana pa msonkhano wounikira ntchito

Makomiti ambiri a chitukuko m'boma lathu lino amadziwa kukonza mapulani, koma ndi ochepa amene amakhalanso pansi n'kudzifunsa kuti zimene anagwirizana mwezi watha zafika pati. Nkhani ya mjigo wowonongeka imakambidwa mu Januwale, imabwereranso mu Epulo, ndipo pofika Julayi anthu amakhala atagwa ulesi ndi misonkhano, amayi atabwerera kukatunga madzi kunyanja. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene unasautsa kwambiri boma la Mangochi, unatisonyeza kuopsa kwa mjigo wongokhala osakonzedwa. Phunziro lino likufotokoza za msonkhano wounikira ntchito, makamaka za munthu amene amautsogolera.

Msonkhano wounikira ntchito n'chiyani?

Kuchokera mu 1998, pamene dziko lino linakhazikitsa ndondomeko ya mphamvu ku anthu ndi lamulo la maboma aang'ono, chitukuko chimayambira kumudzi: komiti ya VDC kwa gulupu, ya ADC kwa mfumu yaikulu, kenako khonsolo. Kugombe kulinso makomiti a BVC, amene anayambira ku nyanja ya Malombe mu 1993. Komiti iliyonse mwa amenewa iyenera kumapatula tsiku loyang'ana m'mbuyo n'kuyankha mafunso atatu: chayenda bwino n'chiyani, chavuta n'chiyani, ndipo tisinthe chiyani?

Njira imeneyi si yachilendo. Mu 2002 bungwe la CARE linayambitsa muno m'Malawi khadi limene anthu a m'mudzi amaperekera malikisi pa thandizo limene amalandira, kenako n'kukumana ndi opereka thandizowo maso ndi maso. Nawo opanga mapulogalamu a kompyuta amene amatsata njira ya Scrum amagawa ntchito m'zigawo zosapitirira mwezi umodzi, ndipo chigawo chikatha amakumana kuti aunike mmene agwirira ntchito. Konseku amasankha munthu wapadera woyendetsa zokambiranazo.

Wotsogolera si wapampando

Pa msonkhano wotere ntchito ya wapampando, mlembi ndi msungichuma ndi imene ikuunikidwa, choncho si bwino kuti mmodzi wa iwo agwirenso chiwongolero. Komiti isankhe membala wina wodekha, kapena ipemphe mlangizi wa m'deralo. Wosankhidwayo saweruza mlandu, sateteza komiti, ndipo maganizo ake amayamba wawasunga.

Ntchito yake imayamba msonkhano usanachitike. Asankhe nthawi yoti anthu angakwanitse. Asodzi a usipa ku Makanjira kapena ku Monkey Bay amachezera panyanja, ndipo m'mawa amakhala ali pa malonda kapena akupumula. Lachisanu masana anthu ambiri amakhala ku mzikiti, ndipo tsiku la msika nalo silisonkhanitsa anthu. Alengezenso kuti aliyense ndi womasuka kulankhula Chiyao kapena Chichewa, ndipo akonzeretu womasulira.

Pa msonkhano penipeni, vuto lalikulu ndi mantha ndi ulemu. Mfumu ikayamba kunena kuti zonse zili bwino, ndi ochepa amene angaitsutse pagulu. N'chifukwa chake wotsogolera wanzeru amapempha mwaulemu kuti, "Gogo Chalo, tikupempha kuti ana anu ayambe, inu mudzatiwongole pomaliza." Amagawa amayi paokha, abambo paokha, achinyamata paokha, gulu lililonse n'kubweretsa mfundo zake. Posankha vuto loyamba kuthana nalo, aliyense angaponye mwala kapena njere ya chimanga pa chizindikiro cha vuto limene lamukhudza kwambiri. Motero ngakhale wosadziwa kulemba amakhala ndi mawu.

Mkangano ukabuka, iye amaubwezera pa ntchito. Wina akanena kuti msungichuma ndi waulesi, wotsogolera afunse kuti: zopereka za mjigo zinatoleredwa liti, zinalembedwa m'buku liti, ndipo zinaima pati? Munthu akanyozedwa amadziteteza, koma akafunsidwa za ndondomeko amafotokoza. Komabe kudekha si kubisa. Ngati ndalama zasowa, nkhaniyo ilembedwe m'maminitsi ndipo ipite ku ADC.

Nanga iye amayankha pa chiyani?

Wotsogolera sakonza mjigo ndipo sagula simenti. Koma msonkhano ukatha popanda chogwirika, woyamba kufunsidwa ndi iye. Pali zinthu zinayi zimene anthu ali ndi ufulu womufunsa.

Choyamba, mfundo zomanga zisapitirire zitatu. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Chachiwiri, mfundo iliyonse ikhale ndi dzina la munthu ndi tsiku. Mawu oti "komiti iona chochita" samanga aliyense. Kulembedwe kuti uje adzaitana mmisiri wa mijigo pasanafike pa 15, ndipo uje adzawerenga buku la zopereka pamaso pa anthu.

Chachitatu, mfundozo ziwerengedwe mokweza anthu asanabalalike, ndipo zikhomedwe poonekera monga pasukulu kapena pachipatala. Zimene mudzi sungathe pawokha azitumize ku ADC ndi kwa khansala wa wodi, ndipo azilondole mpaka yankho litabwera.

Chachinayi, msonkhano wotsatira uyambe ndi mfundo zakalezo, imodziimodzi: yachitika kapena ayi, ndipo chifukwa chiyani? Apa wotsogolera ayambe ndi za iye mwini. Ngati sanapereke kalata ku ADC, avomere poyera. Akatero, ena savutika kuvomera zawo. Pomaliza afunse anthu ngati alipo amene anamanidwa mpata wolankhula, ndipo pakapita nthawi udindowu aupereke kwa wina kuti luso lifalikire.

Zoti mukambirane m'komiti yanu

Tsegulani maminitsi a misonkhano itatu yapitayi. Ndi mfundo zingati zimene zili ndi dzina ndi tsiku? Ndi nkhani iti imene yabwera katatu konse osatha? Ndi ndani amene amabwera nthawi zonse koma sanalankhulepo? Mukayankha mafunso amenewa, sankhani wotsogolera ndi tsiku la msonkhano wanu wounikira ntchito, ndipo mudziwitse khansala wanu kuti adzakhalepo.