Mafuta a pa Guwa ndi Mafuta a m'Mbale

LACHITATU

Werengani Levitiko 3:14-17 ndi 7:22-25. Kodi Aisraeli analamulidwa kuchita chiyani ndi mafuta a ng'ombe, nkhosa ndi mbuzi?

Mafuta okuta matumbo ndi impso anali kutenthedwa pa guwa la nsembe, osadyedwa ayi. Lamuloli linali la chipembedzo, ndipo tisaliyese malangizo a dokotala. Komabe n'zochititsa chidwi kuti mafuta omwewo, amene amaundana akazizira, ndiwo amene azaumoyo amatichenjeza nawo lero. Iwo amachulukitsa kolesitolo woipa m'magazi, amene amakanirira m'kati mwa mitsempha pang'onopang'ono kufikira njira ya magazi itachepa. Ikatsekeka ku mtima, munthu amagwa mwadzidzidzi. Ikatsekeka ku ubongo, amafa ziwalo.

Galamu imodzi ya mafuta ili ndi makalori 9, pamene ya sitachi, monga wa mu ufa, ili ndi 4 okha. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti mafuta asapitirire magawo 30 pa 100 a mphamvu zimene timapeza m'zakudya, ndipo oundana aja asapitirire magawo 10.

Koma si mafuta onse amene ali mdani. Thupi limafuna mafuta pang'ono kuti lilandire bwino mavitamini A, D, E ndi K, ndipo Aisraeli omwewo anali kudya mafuta a azitona (Deuteronomo 8:8). Mu 1992 ofufuza a ku Loma Linda University, atatsata Aadventisti oposa 30,000 a ku California, anapeza kuti mwa odya mtedza kasanu kapena kuposerapo pa mlungu, imfa za matenda a mtima zinali pafupifupi theka poyerekeza ndi osaudya kawirikawiri. Amayi athu otendera ndiwo ndi nsinjiro sanali kulakwitsa.

Apa m'pamene ambiri a ife timadzinyenga. Tinaleka nyama, inde, koma nyemba zathu zikusambira m'mafuta. Mandasi ndi tchipisi timagula zokazingidwa m'mafuta amene atenthedwa kambirimbiri mpaka kuda. Tikamaphikira mlendo wa pa Sabata, timayesa kupendeketsa botolo ndiko kumlemekeza.

Werengani 1 Akorinto 10:31. Ganizirani chakudya chimene banja lanu linadya dzulo. Ndi chiti chimene chikadawiritsidwa, kuwotchedwa kapena kutenderedwa m'malo mokazingidwa?