Kusamuka Popanda Kutaya Mtendere wa Banja

1 M'MINDA ya tiyi ya m'chigwa cha Honde, kufupi ndi Samanga kummaŵa kwa Zimbabwe, ndiponso m'minda ya ku Chipinge, muli mabanja amene makolo awo anachokera ku Malaŵi ndi Mozambique kudzafuna ntchito. Tiyi anayamba kulimidwa ku Chipinge m'ma 1920, ndipo ku Honde m'ma 1950. Antchito ambiri amakhala pakomboni, m'nyumba za eni munda. Chotero pamene ntchito yatha, kapena mutu wa banja wapuma pantchito, nyumbayo imabwezedwa, ndipo katundu wosonkhanitsidwa kwa zaka zambiri amafunikira kumangidwa m'nthaŵi yochepa.

2 Ena asamukapo mothaŵa, monga momwe zinalili pamene namondwe wotchedwa Idai anasakaza Chimanimani ndi Chipinge m'March 2019. Komabe, ngakhale kusamuka kodziŵikiratu kumadzetsa kutopa, nkhaŵa, ndi mawu opweteka. Kodi ndimotani mmene banja lachikristu lingamangire katundu wake popanda kumasula chomangira cha chikondi?—Akolose 3:14.

1, 2. Nchifukwa ninji mabanja a pakomboni amasamuka, ndipo pakubuka funso lotani?

Kusankha Zonyamula ndi Zosiya

3 Lole yobwereka kapena ngolo singanyamule zonse. Matumba a chimanga, bedi, mapoto, mtondo, ndi nkhuku zimalimbirana malo, ndipo chinthu chimene mwamuna akuchiyesa chiphakasa chingakhale mphatso imene mkazi analandira kwa amayi ake. Yesu anaphunzitsa kuti moyo wa munthu sudalira kuchuluka kwa zinthu zake. (Luka 12:15) Okwatirana okumbukira zimenezi amakambitsirana pasadakhale zimene adzanyamula, kugulitsa, kapena kupatsa osoŵa, mmalo mokangana lole itaima kale pakhomo.

4 Kaŵirikaŵiri zinthu zofunika koposa zimakhala zopepuka: zitupa, zikalata za kubadwa, makadi a kuchipatala, ndi makalata a sukulu. Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 anavomereza kuti okhala m'dzikomo amene anabadwiramo kwa kholo lochokera m'dziko la SADC ndi nzika, koma chikalata chikatayika, kutsimikizira zimenezo kumavuta. Nkwanzeru kuika mapepala ameneŵa m'chikwama chimodzi pamodzi ndi Baibulo, ndi kuchinyamula pamanja.

5 Palinso zinthu zosayenera kukwera pa lole. Asanapite ku Beteli, Yakobo analamula a m'nyumba yake kuchotsa milungu yachilendo, ndipo anaikwirira pansi pa mtengo pafupi ndi Sekemu. (Genesis 35:2-4) Poyalula zinthu m'nyumba, mwina pangatuluke chithumwa kapena mankhwala otsirikira nyumba osiyidwa ndi achibale. Mkristu amawononga zoterozo, monga anachitira okhulupirira a ku Efeso, ndipo satsirika nyumba yatsopanoyo, pakuti chidaliro chake chili mwa Yehova. (Machitidwe 19:19) Sanyamulanso ngongole mwakachetechete, koma amaibweza kapena kupangana ndi mwini wake asanachoke.—Salmo 37:21.

3-5. (a) Kodi okwatirana angapeŵe motani mkangano? (b) Nziti zofunika kusungidwa bwino, ndipo nziti zofunika kusiyidwa?

Kuyenda Paliŵiro la Ofooka

6 Pamene Esau anafuna kuyenda naye limodzi, Yakobo anakana mwaulemu, akumalongosola kuti ana anali anthete ndi kuti zoŵeta zoyamwitsa zikanafa ngati akanazithamangitsa ngakhale tsiku limodzi. Iye anasankha kuyenda pang'onopang'ono. (Genesis 33:13, 14) Mutu wa banja amachita bwino kumtsanzira. Mwana wobadwira pakomboni sadziŵa mudzi wina, ndipo agogo angakhale akusiya manda a mnzawo wamuukwati. Iwo afunikira nthaŵi yotsazikana ndi anansi. Kuyamba kumanga katundu milungu ingapo pasadakhale, makamaka mvula isanawononge misewu ya m'mapiri, kumachepetsa kukalipirana. Ngati mawu oipa atuluka, nkhaniyo ithetsedwe dzuŵa lisanaloŵe.—Aefeso 4:26.

6. Kodi Yakobo anapereka chitsanzo chotani kwa mitu ya mabanja?

Kulambira Sikumangidwa m'Mtolo

7 Akula ndi Priskila anachoka ku Roma chifukwa cha lamulo la Klaudiyo, nakhala ku Korinto, kenako ku Efeso, ndiyeno anabwerera ku Roma. Chikhalirechobe, ku Efeso ndi ku Roma komwe mpingo unkasonkhana m'nyumba yawo. (Machitidwe 18:2, 18, 19, 1 Akorinto 16:19, Aroma 16:3-5) Mofananamo, banja losamuka limapitirizabe kupemphera ndi kuŵerenga Malemba ngakhale litakhala pamitolo, ndipo limafunsiratu kumene mpingo wa kumalo atsopanowo umasonkhana. Nawonso okhulupirira anzawo angasonyeze chikondi mwa kunyamula katundu kapena kubweretsa nsima patsiku limene mapoto amangidwa kale. Mbale ingasweke panjira, koma banja lofika lili logwirizana ndi lokhulupirika kwa Mulungu silinataye chuma chake chenicheni.—Afilipi 4:6, 7.

7. Kodi chitsanzo cha Akula ndi Priskila chimaphunzitsanji?

Kodi Mungayankhe Motani?

□ Kodi Mkristu amasiya zinthu zotani posamuka?

□ Nchifukwa ninji ana ndi okalamba afunikira chisamaliro chapadera?

□ Kodi mpingo ungathandize motani?