Musanagule Galimoto ya Mtengo Wapatali, Yambani Mwasenza Mtolo Wake

Munthu akafika pofuna galimoto yatsopano ya mtengo wapatali, kaya ndi Hilux, Fortuner kapena Prado, nthawi zambiri amakhala atagula kale mumtima mwake, kotero kuti pamene ayendera abale ndi abwenzi kukapempha uphungu, chimene afuna kwenikweni ndi anthu omuvomereza. Ine ndaona amuna ndi amayi ambiri, anzeru zawo ndi olemekezeka pantchito, akulowa m'chipsinjo chimene akadachipewa ndi pensulo ndi pepala limodzi. Ndipo popeza onsewo analakwitsa pamalo amodzi omwewo, pamenepo ndi pamene ndikhalitse m'mawu anga.

Za kusankha mtundu wa galimoto, kuiyendetsa moyesa ndi kuona ngati mapepala ake ali bwino, sinditaya nazo nthawi, pakuti zimenezo aliyense wofuna galimoto amazichita ndi changu popanda womukumbutsa. Chimodzi chokha ndinene: dziwani mtengo wake wonse kufikira itaima pakhomo panu ili ndi nambala. Ngati muitanitsa kunja, mtengo umene mwauona pa intaneti ndi chiyambi chabe. Pali ya sitima kufika ku doko la Dar es Salaam kapena Durban, ya ajenti, ya woyendetsa kudzafika kuchipata cha Songwe kapena Mwanza, ndi msonkho wa MRA, umene umakula molingana ndi mtengo wa galimotoyo, kukula kwa injini ndi zaka zake. Ngati mugula kwa ogulitsa a konkuno, apempheni akulembereni mtengo wonse papepala, alembenso masiku amene mtengowo ukhale usanasinthe, chifukwa katundu wotere amatsata dola. Zatha pamenepo.

Tsono tifike pa chimene chimagwetsa anthu. Funso limene ambiri amadzifunsa ndi lakuti, "Kodi banki indipatsa ngongole?" ndipo banki ikavomera, iwo amayesa kuti yawachitira umboni kuti galimotoyo angaikwanitse. Komatu banki sinafunse zimenezo. Banki yafunsa ngati ingathe kutenga zake pa malipiro anu inu musanazigwire, ndi ngati, zinthu zitavuta, ingalande galimotoyo n'kuigulitsa; za ndiwo za ana anu, fizi yawo ndi mankhwala a mayi anu kumudzi, mlembi wa ngongole sanatumidwe kuziwerengera, ndipo sitingamudzudzule pa icho. Kuwerengera kumeneko ndi kwanu, ndipo kuli ndi mbali ziwiri: ndalama zimene zimakutsalirani pamwezi, ndi ndalama zimene galimotoyo idzafuna pamwezi.

Yambani ndi zotsala. Musawerengere pa malipiro olembedwa m'kalata yolembedwera ntchito ayi, koma pa zimene zimalowadi mu akaunti msonkho, penshoni ndi ngongole zakale zitachotsedwa. Ma alawansi a kumisonkhano, bonasi ya kumapeto kwa chaka ndi phindu la bizinesi imene sinakhazikike, zonsezo zisiyeni kunja, pakuti zimabwera mwa mwayi pamene ngongole imabwera mwezi ndi mwezi mosaphonya. Kenaka tengani sitetimenti ya kubanki ya chaka chathunthu, pamodzi ndi mbiri ya zimene mwatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba, mukhale pansi ndi akunyumba kwanu, mulembe zonse zimene zinatuluka. Ndikuti chaka chathunthu, osati mwezi umodzi umene unakukomerani. Pamenepo mudzaona zinthu zimene pakamwa sizitchulidwa powerengera: chipepeso cha pamaliro, matumba a feteleza a makolo, fizi ya mwana wa achemwali anu, chakhumi ndi zopereka za kumpingo, chikwati cha mphwanu, bambo aang'ono amene anagonekedwa kuchipatala. Anthu amazitcha zogwa mwadzidzidzi, koma chinthu chimene chimachitika chaka ndi chaka si chadzidzidzi. M'banja la Chimalawi munthu wolandira bwino amadyetsa makomo angapo, ndipo iye wowerengera ngati kuti ali yekha ndi mkazi wake akudzinyenga. Kudziwa kumeneku kumapweteka, n'chifukwa chake ambiri amakuthawa, nangoti, "Tidzaona konko."

Mukapeza zotsalazo, werengerani mbali yachiwiri. Ziwerengero zimene ndipereke pano n'zongoyerekeza kuti masamu aphweke, ndipo inu muikepo za tsiku limene mukuwerenga. Tinene kuti galimotoyo ndi ya K100 miliyoni, inu mwaperekako K20 miliyoni, ndipo K80 miliyoni mwakongola kuti mubweze pa zaka 5. M'zaka zaposachedwa chiwongoladzanja cha mabanki athu chakhala chikufika cha m'ma 30 pa 100 iliyonse pachaka. Pa mlingo umenewo mudzapereka pafupifupi K2.6 miliyoni mwezi uliwonse, ndipo pomaliza mudzakhala mutabweza cha m'ma K155 miliyoni, ndiye kuti pafupifupi kuwirikiza kawiri zimene munakongola. Dziwaninso kuti chiwongoladzanja cha ngongole zambiri sichiima pamodzi: chimakwera kapena kutsika motsata mlingo umene mabanki amayendera, kotero ndalama imene mwasainira lero ikhoza kukula inu muli m'kati mwa ngongole.

Apa ndi pamene ambiri amatseka kope, poyesa kuti K2.6 miliyoni ija ndiyo mtolo wonse. Si wonse ayi. Walira mvula walira matope. Lamulo limangofuna inshulansi ya third party, koma banki imene yakukongozani idzafuna ya comprehensive kufikira ngongole itatha, ndipo imeneyo, mongoyerekeza, ikhoza kukhala magawo 5 pa 100 a mtengo wa galimoto pachaka, kapena kuposerapo. Pa chitsanzo chathu ndi K5 miliyoni, imene kawirikawiri imafunika pakamodzi. Igaweni pa miyezi 12, muilembe. Galimoto yaikulu imamwa pafupifupi malita 10 kapena kuposa pa makilomita 100 alionse, ndipo m'tauni, poima-ima pa mzere wa m'mawa, imamwa koposa. Munthu wopita kuntchito, kusukulu ya ana, kutchalitchi ndi kumudzi kamodzi pamwezi sangachepere malita 120 kapena 150. Ulendo umodzi wochoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe ndi kubwerako ndi makilomita oposa 600, ndipo panjirapo pali zipata zolipiritsa za Chingeni ndi Kalinyeke. Malitawo achulukitseni ndi mtengo umene MERA yalengeza, kenaka muwonjezepo ndithu, chifukwa munthu akakhala ndi galimoto yabwino maulendo amachuluka: maliro alionse a pamtundu, chinkhoswe chilichonse, wodwala aliyense wa usiku, uthenga umayamba kufika kwa iye.

Pali sevisi, imene pa galimoto yatsopano simungaichitire kwa makaniko wa pansi pa mtengo ngati mufuna kuti waranti isafe. Muyenera kupita ku galaja ya ogulitsa, pa mitengo yawo, makilomita akakwana. Pali matayala anayi, amene m'misewu yathu ya maenje satha zaka zambiri, ndipo tayala limodzi la galimoto yotere likhoza kudya malipiro a mwezi a wantchito wa pakhomo panu ndi kupitirira. Pali batire, COF ikafika nthawi yake, mlonda kapena mpanda wolimba, ndi gawo limene a inshulansi amakusiyirani kuti mulipire nokha ngozi ikachitika. Zonsezi zisandutseni za pamwezi. Mukaphatikiza moona mtima, pa chitsanzo chathu chija simudzapeza zochepera K3.5 miliyoni pamwezi, ndipo imeneyo ndiyo nambala yoyenera kuiyang'ana, osati ya banki ija.

Komabe ngakhale pepala likuvomerezeni, musakhulupirire pepala lokha, pakuti dzanja lolemba ndi la munthu amene mtima wake uli kale pa galimoto, ndipo limadziwa kuchepetsa apa ndi kuiwala apo. Chitani ichi, chimene ndi mutu wa malangizo anga onse: senzani mtolowo galimoto isanabwere. Tsegulani akaunti yapadera, kapena ikani ku SACCO kumene simungatapeko msanga, ndipo tsiku limene malipiro alowa, chotsani ndalama yonse ija, ya ngongole, inshulansi, mafuta ndi sevisi pamodzi, muiike kumeneko ngati kuti yapita osabwerera. Mungachotsepo zokhazo zimene mukuwononga kale pa mayendedwe a lero. Zotsalazo ndizo mudye. Muchite chotero miyezi 6 yotsatizana, osadumphitsa, osachepetsa, osabwerekako n'kumati mudzabweza mwezi wa mawa. Pakuti tsiku limene mwabwerekako, dziwani kuti ilo ndi tsiku limene mukadalephera kulipira banki.

Ndipo miyezi 6 imeneyo isakhale ya nthawi yokolola, pamene chimanga chatsika mtengo ndipo kumudzi sakupempha kanthu. Iyambe cha mu Okutobala kapena Novembala, kuti idutse nyengo yogula feteleza ndi mbewu, idutse Khirisimasi, idutse Januwale wa fizi ndi mayunifolomu, ifike mu Febuluwale pamene nkhokwe zapepuka ndipo foni ya kumudzi siileka kulira. Munthu amene wadutsa miyezi imeneyo ndalama ija ili yosakhudzidwa, ana akudya monga kale, fizi italipidwa pa nthawi yake, ndipo m'nyumba mulibe kung'ung'udza, ameneyo galimoto angaikwanitse. Wina aliyense sanafikepo. Ndibwerezanso, chifukwa ndikudziwa kuti apa ndi pamene owerenga ambiri adzafuna kudzikhululukira: miyezi iwiri si mayeso, ndipo kuika theka la ndalama si mayeso. Mudzati miyezi 6 ndi yaitali, galimotoyo ena aitenga. Aitenge; sitima zikubwerabe ndi zina. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo amene sangapirire miyezi 6 ya kuyesa adzapirira bwanji miyezi 60 ya ngongole?

Ndaona mathero a amene anadumpha mayeso amenewa, ndipo mtima umawawa powakumbukira. Galimoto ya mtengo wa nyumba yaima pa malo omwetsera mafuta, mwini wake watsitsa galasi pang'ono, napempha malita atatu ndi mawu otsika kuti wa m'mbuyo asamve. Ina yakhala kuseri kwa nyumba chaka chonse, yokwezedwa pa njerwa, udzu utamera kuzungulira, chifukwa kachipangizo kamodzi ka mu injini kanafuna ndalama zimene panalibe, pamene banki ikudulabe zake mwezi ndi mwezi. Eni ake sanali zitsiru kapena osakaza chuma. Anangowerengera mtengo wogulira, osawerengera mtengo wokhala nayo.

Kunja kuno kuli alangizi ambiri, ndipo ena mwa malangizo awo amandikwiyitsa. Adzakuuzani kuti kwacha ikugwa, choncho gulani msanga, galimoto isunga chuma chanu. M'mawu amenewa muli choonadi pang'ono, pakuti kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya magalimoto inakwera. Koma alangiziwo sakuuzani kuti mwezi womwewo wa Novembala petulo anachoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita, dizilo nafika pa K2,734, ndipo matayala, oyilo ndi zipangizo zonse zinakwera pamodzi, pamene malipiro a anthu ambiri anatsalira m'mbuyo. Kugwa kwa kwacha kumalemeretsa mtolo wa mwini galimoto mwezi uliwonse, ndipo phindu limene akulinenalo silioneka kufikira mutaigulitsa. Chifukwa chake pa kuwerengera kwanu siyani mpata, kuti mafuta ndi zipangizo zitakwera ndi theka, mukhozebe kupuma. Ena adzati, "Idzadzilipira yokha, muzidzaichititsa hayala." Ngati mufuna bizinesi ya hayala, imeneyo ndi nkhani ina, ya inshulansi ina ndi masamu ena, musaisakanize ndi galimoto ya banja pofuna kutseka dzenje la m'kope lanu. Ndipo amene angakuuzeni kuti ndalama yoyamba ija muitenge kwa akatapila, kapena mupereke nyumba kapena malo a makolo ngati chikole, ameneyo musamumvere ngakhale pang'ono, angakhale ndi mbale wanu wa bere limodzi.

Mayeso akatha, njira zili ziwiri. Ngati mwapambana, muli ndi ndalama za miyezi 6 m'manja: gawo lina liwonjezeni pa ndalama yoyamba kuti ngongole ichepe, koma musiye zokwana miyezi itatu ya mtolo wonse kuti zikhale zodikira tsiku loipa, ntchito ikatha kapena matenda akalowa m'nyumba. Pokasaina, pemphani pangano la ngongolelo mupite nalo kunyumba, muliwerenge mofatsa, ndipo mufunse zinthu zitatu kuti akuyankheni molemba: ndalama zonse zimene mudzakhale mutabweza pomaliza, chimene chidzachitike chiwongoladzanja chikakwera, ndi ngati pali chilango mukafuna kubweza ngongole nthawi isanakwane. Safunsa anadya phula.

Ngati mwalephera, palibe chamanyazi, ndipo simunataye kanthu, pakuti ndalama zimene munakwanitsa kusunga zilipo ndipo ndi zanu. Onani pamene munafika popanda kuvutika: ngati munatha kuika theka mwezi ndi mwezi, ndiye kuti galimoto yanu ndi ya theka la mtolo umenewo. Funani yocheperapo, ya injini yaing'ono, imene zipangizo zake zimapezeka m'mashopu a ku Limbe, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu ndipo amakaniko athu amaidziwa, muigule ndi ngongole yochepa kapena popanda ngongole konse. Kenaka mubwerezenso mayeso aja chaka chamawa, kuyambira mu Okutobala, ngati mtima ukadali pa yaikulu ija.