Mayina a Zipembedzo m'Chingerezi: Tsinde, Mphatikiri ndi Katchulidwe

Kuno ku Mangochi tikamaitana anthu kumapemphero kapena kuchikondwerero, kalata imodzi imapita kwa ashehe, ina kwa ansembe, ina kwa abusa, ndipo kawirikawiri timazilemba m'Chingerezi. Munthu amene talakwitsa dzina la chipembedzo chake sangatidzudzule, koma mwina kumsonkhano sadzabwera. Tiyeni tiwaone mayinawa mmene anapangidwira.

M'Chichewa mphatikiri timamuika kumayambiriro kwa tsinde: Mkhristu, Akhristu, Chikhristu. Chingerezi chimamuika kumapeto: Christian, Christians, Christianity. Tsinde lake ndi mawu a Chigiriki akuti Christos, kutanthauza wodzozedwa, ndipo -ian akuonetsa munthu wa gululo. Anglican, mpingo wa ku Malindi ndi ku Mpondasi, akuchokera ku mawu a Chilatini otanthauza "wa ku England". Presbyterian, amene ali m'dzina la CCAP, akuchokera ku presbyteros, mkulu, chifukwa mpingowu umayendetsedwa ndi akulu a mpingo. Amishoni a ku Scotland amene anafika ku Cape Maclear mu 1875 anali a mwambo umenewu. Catholic ndi Chigiriki chomwecho, kutanthauza "wa ponseponse".

Mphatikiri wina ndi -ist: Baptist, wobatiza; Adventist, woyembekeza kubwera kwa Khristu. Apa mpamene tiyenera kuchenjera. Wophunzira akaona mawu awiriwa amaganiza kuti wotsatira Islam ndi Islamist. Ayi ndithu. Mawu amenewa nyuzipepala zimawagwiritsa ntchito ponena za magulu a ndale ofuna kuti boma liyendetsedwe ndi malamulo a Chisilamu, ndipo nthawi zambiri amatuluka m'nkhani za ziwawa. Mnansi wathu wopita kumzikiti Lachisanu ndi Muslim. Sitinenanso kuti "he is an Islam", monga timamvera ana asukulu akulankhula, pakuti Islam ndi chipembedzocho. Islamic ndi wa zinthu, monga sukulu kapena mabuku. Mohammedan wa m'mabuku a nthawi ya atsamunda timusiye komweko. Asilamu amapembedza Mulungu, osati Mtumiki.

Nanga n'chifukwa chiyani Muslim sakutsata lamulo la Chingerezi? Mawuwa ndi a Chiarabu, ndipo Chiarabu chimamanga mawu pa malembo atatu. Pano malembowo ndi s-l-m, okhudza kugonjera ndi mtendere: Islam, salaam, Muslim. Mu- wa kumayambiriroyo akuonetsa wochita chinthucho, monga mu mwalimu wa kumadrasa, amene akuchokera ku mu'allim, wophunzitsa. Zimatisangalatsa kuti mu- ameneyu anafanana mwangozi ndi m- wathu wa munthu, choncho Msilamu analowa m'Chichewa ngati mwana wa pakhomo, n'kubala Asilamu ndi Chisilamu.

Dzina lathu nalo ndi la Chiarabu. Bahá ndi ulemerero, ndipo -í akutanthauza "wa", monga mu Iraqi, munthu wa ku Iraq. Mphatikiri ali kale m'menemo, sitiwonjezeranso -ian kapena -ist, ndipo chipembedzocho timati the Bahá'í Faith. Timizere ta pamwamba pa á ndi í tikuonetsa kuti liwulo likokedwe. Kachizindikiro ka pakati ndi kupuma pang'ono pammero. Kalembedwe kameneka anakakhazikitsa pakati pathu ndi Shoghi Effendi mu 1923. Titchule maphatikizo atatu, ba-haa-ii, osati "bahayi" wothamanga.

Pakatchulidwe pali misampha iwiri. Ch wa mu Christian amamveka ngati kh, chifukwa ndi wa Chigiriki, pamene wa mu church amamveka ngati tch wa mu tchalitchi. Winawo ndi pogogomeza. Ife tinazolowera kukoka phatikizo lotsatana ndi lomaliza, koma Chingerezi chimasuntha: CATH-olic, kenako ca-THOL-icism.

Liwu lina loti tilisamale ndi sect. M'dikishonale lingaoneke losalakwa, koma m'makutu a ambiri limamveka ngati kagulu kopatuka. Ponena za mipingo ya Chikhristu tinene denomination, amene tsinde lake ndi nomen, dzina m'Chilatini.

Tsopano awiriawiri tilembe kalata yachidule yoitana atsogoleri atatu a zipembedzo za m'mudzi mwathu, kenaka wina aiwerenge mokweza, mnzake akumvetsera mayinawo.