Kindle Yauma Mutaikamo Mapulogalamu Achilendo

Lero tikuthandiza inu amene Kindle yanu yasiya kuyaka mutaikamo mapulogalamu osavomerezedwa ndi Amazon.

Poyamba, itchajeni kwa ola lathunthu. Kenako dinani batani loyatsira osalisiya kwa masekondi 40. Nthawi zambiri imadzuka. Ikakanabe, ilumikizeni ku kompyuta ndi waya wa USB. Ikaoneka pakompyutapo, yambani mwakopera mabuku anu. Mukatero, tengani kwa Amazon fayilo ya update yogwirizana ndi mtundu wa Kindle yanuyo, muiike mu Kindle panja pa mafoda onse, n'kuyatsanso Kindleyo.

Dziwani kuti waranti sikhudza vuto lobwera ndi kusintha kotere. Musaikanganule ndi mpeni, chifukwa batire ikabooka ikhoza kuyaka moto. Zikavuta, pitani nayo kwa amisiri.