“Maliza nsimayo”: kadyedwe ka paubwana ndi matenda a shuga

M'makomo ambiri m'boma lathu lino, mwana akasiya nsima m'mbale amauzidwa kuti amalize chifukwa chakudya sachitaya. Mawuwa ali ndi mbiri yake. Agogo ena akukumbukirabe njala ya 1949, ndipo makolo ambiri a lero anaiona ndi maso njala ya 2002. Munthu amene anagonapo ndi njala sangaonerere mbamu ikutsala. Komabe phunziro la m'kope lino likufuna tione mbali ina ya mwambowu, pakuti zimene mwana amazolowera pa nthawi ya chakudya amakula nazo, ndipo zina mwa izo zimamuika pa chiopsezo cha matenda a shuga.

Mwana amabadwa akudziwa kukhuta. Khanda likayamwa n'kukhuta limalavula bere lokha, popanda woliuza. M'zaka za m'ma 1980, katswiri wa ku America, Leann Birch, ndi anzake anaonetsa kuti ana aang'ono amatha kuchepetsa okha chakudya ngati adya kale china chopatsa mphamvu zambiri. Koma ana amene ankalimbikitsidwa kumaliza za m'mbale, n'kumapatsidwa mphoto akatero, ankasiya kumvera mimba yawo. Ankadya potengera zimene maso akuona. Apa ndiye pagona nkhani: mwana wokakamizidwa tsiku ndi tsiku amaphunzira kuti kudya kumatha mbale ikayera, osati mimba ikadzaza.

Kwathu kuno pali chizolowezi chinanso, cha mbale imodzi. Kudyera pamodzi kumaphunzitsa kugawana, ndipo palibe angakunyoze. Vuto ndi loti ana asanu akazungulira mbale imodzi ya ndiwo, wochedwa amasuwa nsima ndi msuzi wokha, choncho aliyense amaphunzira kumeza msanga. Uthenga wakuti mimba yakhuta umatenga mphindi zingapo kuti ufike ku ubongo, ndipo wodya mothamanga amakhala atapyola kale muyeso uthengawo usanafike. Mwanayo akakula n'kuyamba kulandira malipiro, wolimbirana naye palibenso, koma liwiro lija limatsala, mitanda nayo n'kuchoka pa iwiri kufika pa inayi. Onjezani apo chizolowezi chotonthoza mwana wolira ndi switi, bisiketi kapena chakumwa chotsekemera. Mwana wotero amagwirizanitsa chitonthozo ndi zotsekemera, ndipo akadzakula, nkhawa ikamugwira amathamangira komweko.

Nanga shuga akubwera bwanji? Nsima, mpunga, buledi ndi chinangwa zikagayika m'mimba zimasanduka shuga wolowa m'magazi. Kapamba amatulutsa insulini, amene amathandiza shugayo kulowa m'minofu kuti akhale mphamvu. Munthu akamadya mopyola muyeso kwa zaka zambiri, mafuta n'kuunjikana makamaka pamimba, thupi limayamba kusamvera insulini. Kapamba amalimbikira mpaka kutopa, ndipo shuga amangodzaza m'magazi. Awa ndiwo matenda a shuga a mtundu wachiwiri, omwe amagwira anthu pafupifupi 9 mwa 10 alionse odwala shuga. Mtundu woyamba, umene kawirikawiri umayamba paubwana, suyamba chifukwa cha kadyedwe, ndipo kholo la mwana wotero lisadziimbe mlandu.

Wina angafunse ngati nkhaniyi ikutikhudza ife amene vuto lathu lalikulu ndi kuperewera kwa chakudya. Ikutikhudza kawiri. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira, koma kafukufuku yemweyo anapezanso kuti amayi 21 mwa 100 alionse anali onenepa mopyola muyeso. Ziwirizi n'zolumikizana. Mu 1992, akatswiri a ku Britain, Nick Hales ndi David Barker, anafotokoza kuti mwana wosowa chakudya ali m'mimba kapena ali wakhanda, thupi lake limakonzekera moyo wa njala, ndipo likadzakumana ndi chakudya chochuluka limalephera msanga kuwongolera shuga. Ku Netherlands, anthu amene anali m'mimba pa njala ya 1944 mpaka 1945 anapezeka atakula kuti matupi awo ankavutika kwambiri ndi shuga poyerekeza ndi anzawo. Ana athu obadwa m'njala ya 2002 tsopano ndi akuluakulu, ena ali m'matauni momwe mandasi, tchipisi ndi zakumwa za m'mabotolo zili pa ngodya iliyonse.

Choncho phunziroli silikunena kuti ana azimanidwa chakudya. Kutero kungakhale kukulitsa vuto lomwe alangizi a zaumoyo akulimbana nalo ku sikelo. Mwana wodwala kapena wotsika sikelo amafunika kumunyengerera moleza mtima kuti adye. Chofunika ndi kugawana udindo: kholo lisankhe chakudya ndi nthawi yake, mwana wathanzi anene yekha kuti wakhuta. Mwana wamng'ono akhale ndi mbale yakeyake, monga amalangizira a m'magulu a care group, kuti asalimbirane ndi akulu komanso kuti mayi aone zimene wadya. Mupatseni pang'ono, akafuna muonjezereni. Zotsala zisungidwe bwino, pajatu mkute si chinthu chachilendo kwathu. M'mbalemo nsima isalamulire yokha: mwa magulu asanu ndi limodzi a zakudya, masamba, nyemba, nsinjiro, usipa ndi zipatso za nyengo yake zipezeke, ndipo ufa wa mgaiwa uposa woyera chifukwa gaga wake amathandiza kuti munthu akhute nthawi yaitali.

Pa zotsekemera, bungwe la WHO limalangiza kuti ana osakwana zaka ziwiri asapatsidwe zakumwa zothira shuga. Botolo limodzi la 300 ml la zakumwa zina zodziwika limakhala ndi shuga wokwana pafupifupi masupuni ang'onoang'ono 8, muyeso umene palibe kholo lingauthire m'kapu ya tiyi wa mwana likuona. Olera ana m'sukulu za mkombaphala nawonso asamale ndi shuga wa m'phala.

Kwa akulu amene anakula ndi zizolowezizi, matenda a shuga amatha kukhala m'thupi zaka zambiri osadziwika. Ludzu losatha, kukodza pafupipafupi makamaka usiku, kuwonda kosadziwika chifukwa chake, kuona mwachimbuuzi ndi zilonda zochedwa kupola ndi zizindikiro zofunika kupita nazo kuchipatala msanga. Amene kholo kapena m'bale wawo ali ndi shuga akayezetse ngakhale asakumva kalikonse. Kuyezako ndi kwa kadontho kamodzi ka magazi a pachala.