Chomwe chimasunga magetsi a ku Nkula pa 50



Nthawi ya Swala ya Maghrib ikakwana, mabanja a ku Limbe, Bangwe ndi Ndirande amayatsa mababu ndi makuka pafupifupi nthawi imodzi. Kulemera konseko kumakamveka pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, komwe makina oyamba opangira magetsi anayamba kugwira ntchito mu 1966. Katundu akachuluka makina amafooka pozungulira, pomwe magetsi athu amayenera kukhala pa 50 hertz. Kachipangizo kotchedwa governor ndiko kamatsegula kapena kutseka zitseko za madzi kuti liwiro libwerere. Ma governor ambiri a masiku ano amatsata masamu otchedwa PID, omwe amafunsa mafunso atatu.

Proportional imafunsa kuti: panopa taphonya motani? Kusiyana kukakula, imatsegula kwambiri. Kukachepa, imatsegula pang'ono. Koma ili yokha simaliza ntchito. Poyandikira 50 mphamvu yake imachepa, ndipo makina amakhazikika pansi pang'ono pa mlingo.

Kotsalako ndi ntchito ya integral, yomwe imasunga kaundula. Imaphatikiza kuphonya konse kwa mmbuyomu, ngati wagolosale wolemba ngongole m'kope, ndipo imakankhabe mpaka kusiyana kutatheratu. Apa mpofunika kusamala. Mukaipatsa mphamvu yambiri imapitirira mlingo, kenako imabwerera mopitiriranso, makina n'kumangokwera ndi kutsika. Madzinso ali ndi khalidwe lawo: mukatsegula chitseko mofulumira, mphamvu imayamba yatsika kaye kwa kanthawi, chifukwa madzi a m'paipi sathamanga pomwepo. Governor wopupuluma amaona ngati sanatsegule mokwanira, amawonjezera, zinthu n'kuipiraipira.

Derivative imayang'ana liwiro la kusinthako n'kugwira mabuleki msanga. Kuipa kwake n'kwakuti imadzidzimuka ndi phokoso lililonse la m'zoyezera, choncho akatswiri ambiri amaichepetsa kapena kuisiya.

Mu 1922 Nicolas Minorsky analemba masamu amenewa ataona mmene oyendetsa sitima zapamadzi amawongolera. Koma makina odziwongolera okha ndi akale. Ku Baghdad, cha m'ma 850, abale atatu otchedwa Banu Musa analemba Kitab al-Hiyal, momwe muli ziwiya zosunga mlingo wa madzi pogwiritsa ntchito choyandama chotsegula ndi kutseka mpopi. Anali Asilamu ophunzira, ndipo sanaone kuti masamu ndi a anthu ena.

A Fomu 3 ndi 4, kunyumba katseguleni thanki ya chimbudzi cha madzi, muone mmene madzi amachepera kulowa choyandamacho chikamakwera. Ndi liti mwa mafunso atatu aja lomwe chikuyankha? Mayankho mubweretse Lachisanu tikatuluka ku Jumu'ah.